MAYI ELIZABETH FRY NDI AMAYI A M'NDENDE YA NEWGATE

 Pa chikondwerero chonga chino nkoyenera kukumbukira amayi amene adatitsogolera pa ntchito zachifundo, a kwathu kuno ndi akutali omwe. Mwa ntchito zonse zimene gulu la amayi limagwira, monga kuona odwala, kupepesa maliro ndi kuthandiza amasiye, ntchito yochezera akaidi ndiyo imene anthu ambiri amaiopa. Chifukwa chake ndakulemberani mbiri ya Mayi Elizabeth Fry a ku England, amene adagwira ntchito ya m'ndende kwa zaka pafupifupi 30, nasintha kasungidwe ka akaidi aakazi m'dziko lawo ndi m'maiko ena ambiri. Iwo sadali loya, sadalinso msilikali wa ndende. Adali mayi wapabanja amene adabereka ana 11.

UBWANA WAWO

Elizabeth adabadwa pa 21 Meyi 1780 mu mzinda wa Norwich. Bambo ake, a John Gurney, adali munthu wachuma, wochita malonda a ubweya wa nkhosa ndiponso a banki. Banja lawo lidali la Mpingo wa Abwenzi, umene anthu amautcha Quakers. Anthu a mpingo umenewu analibe abusa odzozedwa. Ankasonkhana mwakachetechete, ndipo aliyense amene wamva kuti Mzimu wampatsa mawu, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, ankaimirira ndi kulankhula. Ankaphunzitsa kuti mwa munthu aliyense muli kuunika kwa Mulungu, ngakhale munthuyo atalakwa chotani. Ndende ankaidziwa bwino, pakuti makolo awo ambiri adamangidwapo chifukwa cha chikhulupiriro, kuphatikizapo George Fox amene adayambitsa mpingowo.

Mayi ake a Elizabeth adamwalira mu 1792, iye ali ndi zaka 12. Adali mwana wamantha, woopa mdima, ndipo pa maphunziro sadali wochenjera monga abale ake. Kulemba mawu molondola kunkamuvuta mpaka kukula kwake. Ali mtsikana ankakonda kuvina ndi kuvala zokongola. Mu 1798 kudabwera mlaliki wa mpingo wawo wochokera ku America, dzina lake William Savery. Tsiku limenelo Elizabeth adapita kukapemphera atavala nsapato zofiirira zokhala ndi zingwe zofiira kuti anthu amuone, koma ulaliki udamulasa mtima ndipo adabwerako akulira. Kuyambira pamenepo adasiya zonyada, nayamba kusonkhanitsa ana a anthu osauka kunyumba kwawo ku Earlham ndi kuwaphunzitsa kuwerenga. Anawo adachuluka mpaka kufika 70.

Mu Ogasiti 1800 adakwatiwa ndi Bambo Joseph Fry, a mpingo womwewo, amene ankachita malonda a tiyi ndi a banki, ndipo adasamukira ku London. Mu 1811 mpingo udawavomereza Mayi Fry kukhala mmodzi mwa alaliki ake.

NDENDE YA NEWGATE

Kuti timvetse ntchito yawo, tiyambe taona mmene ndende zidalili masiku amenewo. M'ndende zambiri za ku England oyang'anira ankapeza ndalama kuchokera kwa akaidi omwe. Kaidi wokhala ndi ndalama ankagula malo abwino ogona, chakudya ndi mowa. Wopanda ndalama ankagona pansi ndi kudya kachidutswa ka buledi basi. Boma silinkapereka zovala. Munthu amene mlandu wake sunazengedwe ankatsekeredwa pamodzi ndi amene adagamulidwa kale, mtsikana amene waba kansalu pamodzi ndi chigawenga chozolowera. Malamulo adali aukali kwambiri, moti milandu yoposa 200 chilango chake chidali kunyongedwa, ngakhale kuba katundu m'sitolo.

Newgate idali ndende yaikulu ya mu mzinda wa London. Ku mbali ya akazi kudali amayi pafupifupi 300 pamodzi ndi ana awo, onse othithikana m'zipinda zinayi. M'menemo ndimo ankaphika, kuchapa ndi kugona, opanda mphasa kapena chofunda. Ana ena adabadwira momwemo ndipo ankayenda maliseche m'nyengo yozizira ya kumeneko. Usana wonse amayiwo ankamangirira masipuni ku timitengo ndi kutulutsira pa zitsulo za pazenera kupempha ndalama kwa odutsa, ndipo zimene apatsidwa ankagulira mowa waukali ndi kutchovera njuga. Ndewu ndi kutukwana sizinkatha. Owayang'anira adali amuna, ndipo inu amayi mukudziwa nokha zimene zimachitika mkazi wosowa pogwira akakhala m'manja mwa mwamuna wosunga kiyi. Ngakhale bwana wa ndende ankaopa kulowa yekha ku mbali imeneyo.

ULENDO WOYAMBA, 1813

Kumayambiriro a chaka cha 1813 mlaliki wina wa mpingo wawo, Stephen Grellet, wobadwira ku France, adalowa mu Newgate. Zimene adaona zidamuzunguza mutu, ndipo potuluka adalunjika kunyumba kwa Mayi Fry kukawafotokozera. Iwo sadachedwe. Adagula nsalu zofunda, naitana atsikana a mu mpingo kuti asoke zovala za makanda, ndipo adapita nazo ku ndende pamodzi ndi mnzawo, Anna Buxton. Adaveka ana, adapezera odwala udzu wouma woti agonepo, ndipo adagwada napemphera nawo. Adapitako maulendo angapo mwezi umenewo.

Pambuyo pake padapita zaka pafupifupi zinayi osabwererako. Adabereka ana ena awiri, malonda a amuna awo adayamba kugwedezeka, ndipo mu 1815 mwana wawo wamkazi Betsy adamwalira ali wamng'ono. M'zaka zimenezo zovala zija zidang'ambika, udzu uja udaola, ndipo Newgate idakhala monga momwe idalili kale. Apa mpofunika kuti tione bwino, amayi anzanga. Mphatso zija zidali zabwino ndipo zidafunditsa ana pa nthawi yake, koma sizidasinthe ndende. Mayi Fry adazindikira zimenezi, ndipo pobwerera adabwera ndi nzeru ina.

ULENDO WACHIWIRI NDI SUKULU YA ANA

Pa nyengo ya Khirisimasi ya 1816 adafikanso pa chipata cha Newgate, napempha kuti awalole kulowa okha kwa amayi aja. Oyang'anira adawachenjeza kuti awang'ambira zovala ndi kuwalanda zonse, koma iwo adalowabe ndipo chitseko chidatsekedwa. Amayi adawazungulira. Mayi Fry adanyamula mwana mmodzi wakuda ndi litsiro, nalankhula nawo monga mayi kwa amayi anzake. Sadayambe ndi kuwadzudzula za machimo awo. Adawafunsa ngati akufuna kuti ana awo akulire m'malo otere ndi kusanduka mbala, ndiponso ngati pali chimene angachitire pamodzi kuti anawo apulumuke. Amayi amene anthu ankati ndi zilombo adayamba kulira. Mayi Fry adatchula za sukulu, nati mphunzitsi wake asankhidwe ndi amayiwo pakati pa iwo okha.

Atabweranso adapeza kuti asankha kale mtsikana wotchedwa Mary Connor, amene adamangidwa pa mlandu wakuba wotchi. Akuluakulu a ndende adayamikira maganizowo ndi pakamwa, koma adati nzosatheka chifukwa kulibe chipinda. Amayi eni ake ndiwo adaloza kachipinda kena kamene adati angathe kukhala popanda iko. Motero kumayambiriro a 1817 sukulu idatsegulidwa ndi ophunzira pafupifupi 30, ana ndi atsikana achichepere. Mary Connor adaphunzitsa mokhulupirika osaphwanya lamulo, ndipo boma lidamukhululukira mlandu wake, koma posakhalitsa adamwalira ndi chifuwa chachikulu.

Sukulu itayamba, amayi aakulu ankaunjikana pakhomo kupempha kuti nawonso aphunzire kuwerenga ndi kusoka. Abambo amene Mayi Fry adawafunsa nzeru, ngakhale okonda zachifundo omwe, adati zimenezo nkutaya nthawi. Adati amayiwo adzaba nsalu ndi singano, ndipo sipadzatha sabata asanabwerere ku zakale.

GULU LA AMAYI 12

Mayi Fry adadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Mu Epulo 1817 adakhazikitsa bungwe lotukula akaidi aakazi a mu Newgate. Mudali amayi 12: mayi busa mmodzi wa Mpingo wa Anglican ndi amayi 11 a Mpingo wa Abwenzi. Adalonjezana kuti tsiku lililonse mmodzi mwa iwo kapena angapo azipezeka m'ndende, ndiponso kuti azisonkha ndalama zogulira nsalu ndi zolipira mayi woyang'anira amene azigona komweko usana ndi usiku. M'masabata oyamba ena mwa iwo ankalowa m'mawa atanyamula kadengu ka chakudya chawo ndi kutuluka madzulo.

Tsono adachita chinthu chimene sichidamvekepo m'ndende. Adasonkhanitsa akaidi pamaso pa bwana wa ndende ndi akuluakulu a mzinda, nawauza kuti amayi a bungwe sadabwere kudzalamula, ndipo palibe lamulo limene lidzaikidwe popanda eni ake kuvomera. Malamulo 12 adawerengedwa limodzilimodzi, ndipo pa lamulo lililonse akaidi ankakweza manja. Onse adavomerezedwa. Ena mwa malamulowo adali awa: pasakhale kupemphetsa, kutukwana, njuga kapena ndewu; amayi onse azigwira ntchito yosoka kapena yoluka; agawidwe m'magulu osapitirira anthu 12, gulu lililonse likhale ndi kapitawo wake wodziwa kuwerenga wochokera pakati pawo; kapitawo aziona kuti aliyense wafika pa ntchito atasamba m'manja ndi kumaso, ndipo kapitawo wophwanya lamulo achotsedwe; belu likalira 9 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo onse azisonkhana kudzamva Malembo; mayi woyang'anira azilemba m'buku ntchito imene aliyense wagwira. Maina a akapitawo nawonso adavomerezedwa pokweza manja.

Chipinda chochapira zovala chidayeretsedwa ndi kupakidwa laimu, nichisanduka malo osokera. Zosokedwazo zinkagulitsidwa, ndipo kaidi aliyense ankalandirako kandalama kake. Patapita mwezi umodzi, mfumu ya mzinda wa London ndi makhansala ake adabwera kudzaona. Adapeza amayi atakhala phee m'mizere, atavala zoyera, singano zili m'manja. Adadabwa kwambiri, ndipo adavomereza kuti malamulowo akhale a ndende ndi kuti mzinda uzithandiza kulipira mayi woyang'anira.

Si kuti zonse zinkayenda bwino masiku onse. Nthawi ina kudamveka kuti njuga yayambiranso. Mayi Fry sadalamule kuti asilikali afufuze m'zipinda. Adasonkhanitsa amayi, nawauza kuti zawapweteka mtima, ndipo adati angakondwe ngati amene ali ndi makadi a njuga atawabweretsa okha. Amayi asanu adabwera mmodzimmodzi ndi makadi awo, ndipo adatenthedwa pamoto iwo akuona. Patapita masiku Mayi Fry adawapatsa timipango monga mphatso, koma mtsikana mmodzi adapempha kuti m'malo mwake ampatse Baibulo lolembedwa dzina lake.

KU NYUMBA YA MALAMULO

Mbiri idawanda m'dziko lonse. Anthu otchuka ankapempha chilolezo kuti adzaone Mayi Fry akuwerengera akaidi Baibulo. Mu Febuluwale 1818 komiti ya Nyumba ya Malamulo yofufuza za ndende za mu London idawaitana kuti akapereke umboni, chinthu chimene sichinkachitika kwa mkazi masiku amenewo. Adafotokoza kuti m'miyezi 10 amayi aja amene ankati adzaba nsalu adasoka zovala pafupifupi 20,000. Adapempha zinthu zomveka: akazi akhale ndi malo awoawo kutali ndi amuna, aziyang'aniridwa ndi akazi anzawo, ongoyamba kulakwa asasakanizidwe ndi ozolowera, aliyense apatsidwe ntchito yolipidwa, ndipo aphunzitsidwe kuwerenga ndi Mawu a Mulungu.

Chaka chomwecho adakumana ndi chowawa. Mu Newgate mudali mayi wotchedwa Harriet Skelton, amene adagamulidwa kuti anyongedwe chifukwa chogwiritsa ntchito ndalama zapepala zachinyengo. Mayi Fry adayenda ponseponse kumupemphera moyo. Adapita kwa akuluakulu a Bank of England, adapitanso kwa nduna yoona za m'dziko, Lord Sidmouth, koma onse adakana, ndipo Harriet adanyongedwa. Ndunayo idakwiya nawo, niwatsekera khomo la ofesi yake. Mayi Fry kawirikawiri ankakhala ndi amayi oyembekeza kunyongedwa m'masiku awo otsiriza, ndipo adatsutsa chilango cha imfa pa milandu yakuba ndi yachinyengo moyo wawo wonse. Iwo asanamwalire, malamulo adasinthidwa ndipo milandu yambiri yotere idachotsedwa pa mndandanda wa yonyongera.

SITIMA ZOPITA KU AUSTRALIA

Masiku amenewo akaidi ambiri ankatumizidwa ku Australia, ulendo wa pamadzi wa miyezi itatu kapena inayi, ndipo ambiri sankabwereranso kwawo. Usiku woti mawa anyamuka, amayi a mu Newgate ankaswa mazenera ndi kutentha zinthu chifukwa cha mantha ndi mkwiyo. M'mawa ankakwezedwa pa ngolo zosatseka kupita ku doko la Deptford, anthu a mumsewu akuwakuwiza ndi kuwagenda. Mayi Fry adapempha bwana wa ndende kuti awanyamule pa ngolo zotseka, nalonjeza kuti iwo eni adzawaperekeza. Usiku wotsiriza adakhala nawo akuwawerengera Malembo. Kudacha popanda zenera losweka.

Sitima yoyamba imene adaiyendera idali Maria, mu 1818, ndipo idanyamula amayi 128. Adawagawa m'magulu a anthu 12 monga ku Newgate, napezanso malo a sukulu ya ana. Kuyambira pamenepo mayi aliyense wonyamuka ankalandira thumba lokhala ndi Baibulo, singano, ulusi, sizasi ndi zigamba zansalu zambiri, zimene amayi a bungwe ankapempha kwa eni masitolo. Pa ulendo ankasoka zofunda zazigamba, ndipo pofika ankazigulitsa kuti akhale ndi poyambira, kapena kuzionetsa kwa ofuna antchito monga umboni wa luso lawo. Mayi Fry adadandaulanso ku boma za amayi amene ankafika kuchokera ku ndende zakutali atamangidwa maunyolo m'miyendo ndi m'manja mpaka kutupa, ndiponso za amayi olekanitsidwa ndi makanda oyamwa, ndipo zonse ziwirizi zidakonzedwa. Pakati pa 1818 ndi 1843 adayendera sitima 106 zonyamula akaidi pafupifupi 12,000.

Chimodzi mwa zofunda zija chilipo mpaka lero. Chidasokedwa mu 1841 ndi amayi a m'sitima yotchedwa Rajah, imene idanyamula akaidi 180 kupita ku Hobart, pa chilumba chimene tsopano chimatchedwa Tasmania. Chili ndi zigamba 2,815, ndipo m'munsi mwake adasokapo mawu othokoza amayi a komiti ya ku London. Pena ndi pena pali timadontho ta magazi a zala zobayidwa ndi singano, kusonyeza kuti ena mwa osokawo adali ongophunzira kumene. Chimasungidwa ku National Gallery of Australia mu mzinda wa Canberra.

NTCHITO IFALIKIRA, LAMULO LISINTHA

Mu 1818 Mayi Fry adayendera ndende za kumpoto kwa England ndi za ku Scotland pamodzi ndi alongo awo, a Joseph John Gurney, amene adalemba buku la zimene adaona. Mu 1827 adachita chimodzimodzi ku Ireland. Paliponse pamene afika sankangoona ndende ndi kuchoka. Ankaitana amayi a m'tauniyo ndi kuwasiyira komiti yoti izipitiriza kuchezera akaidi. Mu 1821 makomiti onsewa adalumikizidwa kukhala bungwe limodzi la dziko lonse, ndipo olemba mbiri amati ili ndilo bungwe loyamba la amayi lofika m'dziko lonse la Britain. Mu 1827 adasindikiza kabuku kolangiza amayi mmene angachezere ndi kuyang'anira akaidi aakazi. M'menemo adalangiza kuti wochezera asalowe ndi mtima woweruza kapena wodziona wolungama, ndiponso asamafunse kaidi za mlandu wake pagulu.

M'Nyumba ya Malamulo adali ndi mlamu wawo, a Thomas Fowell Buxton, amene ankalankhula za ndende. Awa ndi Buxton omwe aja adatsogolera nkhondo yothetsa ukapolo, amene David Livingstone adakawamvera pa msonkhano waukulu ku London mu 1840 asananyamuke kubwera ku Africa. Mu 1823, pamene Robert Peel adali nduna yoona za m'dziko, lamulo latsopano la ndende lidakhazikitsidwa. Lidati akazi azikhala paokha ndi kuyang'aniridwa ndi akazi anzawo, oyang'anira azilandira malipiro m'malo modyera akaidi, abusa ndi madokotala aziyendera ndende, ndipo maunyolo asamagwiritsidwe ntchito mwachisawawa. Lamuloli lidakhudza ndende zazikulu zokha, ndipo padalibe anthu oyendera kuona ngati likutsatidwa kufikira 1835. Komabe zimene amayi 12 adayesa m'chipinda chochapira zidalowa m'buku la malamulo a dziko.

MAVUTO A M'BANJA NDI OTSUTSA

Tisaganize kuti mayiyu ankayenda pa njira yosalala. Anthu ena, ngakhale a mu mpingo wawo, ankawanena kuti akusiya ana awo ndi kumathamangira mbala, ndipo iwo eni ankavutika mumtima ndi mawu amenewa, monga zikuonekera m'mabuku amene ankalembamo za tsiku ndi tsiku. Ana awo ambiri adakwatira ndi kukwatiwa kunja kwa mpingo, chinthu chimene chidali chamanyazi kwa mlaliki. Mu 1828 banki ya amuna awo idagwa. Anthu adataya ndalama zawo, Bambo Fry adachotsedwa mu mpingo kwa zaka zingapo, ndipo banja lidasiya nyumba yawo yaikulu ya Plashet ndi kukakhala m'nyumba yocheperapo. Ena adayamba kunong'ona kuti ndalama zachifundo zidalowa m'bankimo, ngakhale kuti sizidali zoona. Alongo awo ndiwo adawagwira dzanja kuti ntchito isaime.

Otsutsa ena adali a boma. Oyendera ndende amene adaikidwa mu 1835 ankati amayi a makomiti akufewetsa ndende, ndipo ntchito yotere siyofunika anthu ongodzipereka. Iwo ankakhulupirira kuti kaidi amasintha akatsekeredwa yekha m'kachipinda, osaona kapena kulankhula ndi mnzake. Ndende ya Pentonville, imene idatsegulidwa mu 1842, idamangidwa pa nzeru imeneyi. Mayi Fry adatsutsa poyera. Adati munthu adalengedwa kuti azikhala ndi anzake, ndipo kumutsekera yekha nthawi yaitali kumaononga mutu wake ndipo sikumukonzekeretsa kubwerera kwa anthu. Pa nthawiyo boma silidawamvere. Koma akaidi a ku Pentonville atayamba kudwala misala, miyezi yokhala payekha idachepetsedwa.

MASIKU OTSIRIZA

Pamene mawu awo ankachepa mphamvu kwawo, maiko ena a ku Ulaya ankawaitana. Pakati pa 1838 ndi 1843 adayendera ndende za ku France, Belgium, Holland, Denmark ndi Prussia, nalankhula ndi mafumu mosaopa za zimene apeza. Mu 1842 mfumu ya ku Prussia, Frederick William IV, itabwera ku London, idapita nawo ku Newgate ndi kugwada nawo pamodzi ndi akaidi, kenaka idakadya kunyumba kwawo. Mfumukazi Victoria nayonso idakumana nawo ndipo idathandiza ndi ndalama. Kuonjezera pa za ndende, mu 1840 adayambitsa sukulu yophunzitsa anamwino ku London, ndipo ena mwa anamwino amenewo adapita ndi Florence Nightingale ku nkhondo ya ku Crimea mu 1854.

Mayi Fry adamwalira mu Okutobala 1845 ku Ramsgate ali ndi zaka 65, ndipo adaikidwa ku manda a mpingo wawo ku Barking. Anthu oposa 1,000 adaimirira mwakachetechete pa maliro awo.

ZIMENE ZIDATSALA

Ndende ya Newgate idatsekedwa mu 1902 ndi kugwetsedwa, ndipo pamalopo padamangidwa bwalo lalikulu la milandu la Old Bailey. Kutumiza akaidi ku Australia kudatha mu 1868. Ntchito imene Mayi Fry ankagwira osalandira malipiro idasanduka ntchito ya boma imene akazi angathe kuitsogolera. Mu 1923 Mayi Lilian Barker adaikidwa kukhala mkulu wa ndende ya atsikana ku Aylesbury, ndipo mu 1935 adakhala mkazi woyamba kulowa m'gulu la akuluakulu oyendetsa ndende za ku England. Ku Canada kuli mabungwe othandiza akaidi aakazi otchedwa ndi dzina la Elizabeth Fry, ndipo loyamba lidayamba ku Vancouver mu 1939. Kuyambira 2002 mpaka 2016 Bank of England, banki yomwe ija idakana kumvera pempho lawo la Harriet Skelton, inkasindikiza nkhope yawo pa ndalama yapepala ya mapaundi 5.

Bungwe la United Nations, m'mene dziko lathu lilinso membala, lidavomereza malamulo a kasungidwe ka akaidi aakazi mu 2010, otchedwa Malamulo a Bangkok, ndiponso malamulo a akaidi onse mu 2015, otchedwa ndi dzina la Nelson Mandela. M'menemo mudalembedwa kuti akaidi aakazi aziyang'aniridwa ndi akazi anzawo, ndiponso kuti munthu asatsekeredwe yekha kopitirira masiku 15 otsatizana. Izi ndi zomwe zija mayi wa ku Norwich ankapempha zaka 200 zapitazo.

KWA IFE AMAYI A MVANO

M'ndende za kwathu kuno mulinso amayi, ena ali ndi ana oyamwa, ena akudikira milandu yawo kwa nthawi yaitali. Tikawerenga Mateyu 25 ndi Ahebri 13 timaona kuti kuwakumbukira si nkhani yoti tichite kusankha. Magulu ambiri amapitako pa Khirisimasi ndi sopo, shuga ndi zitenje, ndipo zimenezo nzabwino. Koma tikumbukire kusiyana kwa 1813 ndi 1817. Chimene chidasintha Newgate ndi amayi 12 amene adagawana masiku, nasunga lonjezo lawo chaka ndi chaka. Amene adafunsa akaidi eni ake chimene akufuna asanawapangire malamulo. Amene adawapatsa ntchito ya manja ndi udindo. Ndiponso amene adalemba bwino zonse, kotero kuti poitanidwa ndi akuluakulu adali ndi chiwerengero choti aonetse.

Zonsezi sizifuna maphunziro apamwamba. Kusoka timadziwa, kuluka timadziwa, kugawana masiku oyendera odwala timachita kale, ndipo buku la mlembi lilipo. Chotsala nkukambirana ndi abusa athu ndi akuluakulu a ndende imene tili nayo pafupi, kuti atiuze malamulo awo ndi masiku amene angatilole. Tisaiwalenso mayi amene watuluka m'ndende nabwerera m'mudzi mwathu, pakuti nthawi imeneyo ndiyo amasowa womupatsa moni. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Nkhaniyi tikaikambe m'misonkhano yathu ya m'mipingo, ndipo chaka chamawa alembi adzatiuze m'malipoti awo kuti ndi amayi angati adalembetsa maina.

Mulungu adalitse Mvano wathu ndi mabanja athu onse.

Ine wanu mu utumiki,
Mlembi wa Mvano